A Muriya ndi Lamulo Loti Malume Azigula

Loweruka lapitali tinapita kumanda kukaona chiliza cha aphunzitsi a Muriya, patatha chaka chimwalirireni. Ine ndine Msilamu, za ziliza sizindikhudza, koma ndinapita, n'kuima kumbuyo pamodzi ndi anzanga. Olankhula analankhula. Mkulu wina wa mpingo anati malemuwa anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mnzake. Ndinatsala pang'ono kukweza dzanja. Bodza pamanda silikoma. A Muriya sanali wofatsa. Anali munthu wamakani kuposa aliyense amene ndinakumana naye kugombe lino la Chilwa, ndipo akunena izi ndi ine, amene anthu a pa Kachulu amandipatuka ndikayamba kukweza mawu. Ndinakangana nawo zaka zambiri, koma sindikumbuka tsiku limene anandisiyira mawu omaliza. Poti pamanda paja sanandipatse mpata, ndilemba pano.

Anali Mlomwe wa cha ku Phalombe. Anabwera kudzaphunzitsa masamu pa sekondale yathu yoyendera, n'kukwatira konkuno, n'kukhala mkamwini mpaka imfa. Munthu wamfupi, wamutu waukulu, wovala tayi ngakhale mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale abakha amasowa pobisala. Akakwera njinga ankalowetsa miyendo ya buluku m'masokosi, ndipo nthawi zambiri ankaiwala kuitulutsa, n'kuphunzitsa tsiku lonse ali choncho. Ana ankaseka. Iwo ankati asiyeni aseke, kuseka n'kwaulere, chinthu chokhacho chimene ankalola kuti chikhale chaulere.

Chimene anthu akuwakumbukira nacho si masamu. Ndi kalabu ya bizinesi imene anaiyambitsa kuseri kwa sukulu. Ana akaweruka ankatsika kudoko kukagula matemba aawisi, n'kuwatsuka, n'kuwayanika pa mathandala okwera m'malo moyanika pansi monga tinkachitira ife. Akauma ankawagawana m'malichero kukagulitsa m'midzi, ena mpaka ku Songani. Zonsezi palibe amene akanadandaula nazo. Mwana wa ku Chilwa kugwira nsomba si nkhani. Nkhani inali lamulo loyamba la kalabuyo: mwana aliyense, munthu woyamba kumugulitsa akhale malume ake.

Amene si wakuno sangamve kulemera kwa zimenezi. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Mwana wa mlongo wako ndi wako, mwina kuposa wobereka wekha. Akadwala amathamangira iwe, akapalamula mlandu ndi wako, akafuna kukwatiwa anthu amagogoda pakhomo pako. Ndiye chake ndi chako. Bwato likafika padoko, m'bale sapita ndi chikwama, amapita ndi mbale. Umu ndi mmene tinakulira, ndipo palibe amene ankakutcha kuba.

Ine ndinalidziwa lamuloli pakhonde la mlongo wanga. Ndinapeza mwana wake Asiyatu, amene nthawi imeneyo anali fomu 2, atakhala ndi lichero la matemba. Matemba oyera bwino, opanda mchenga ndi pang'ono pomwe. Ndinatapa dzanja limodzi, monga malume aliyense.

"Amalume," anatero osandiyang'ana kumaso, "amenewo ndi ogulitsa."

"Ndaona. Gulitsa otsalawo."

"Amene mwatapawo akwana mulu umodzi. Mukalipira ndikuikirani basela."

"Iwe, ukulankhula ndi ndani? Yunifolomu wavalayo anagula ndani?"

"Munagula ndinu, amalume. Koma Sala a Muriya anati woyamba kugula akhale malume."

Mwana analikokera lichero kwa iye. Mlongo wanga anali kuseri, ndipo ndinamva akutsokomola chitsokomolo chija cha munthu amene akubisa kuseka. Ndinaponya matemba aja mulichero, n'kutenga njinga.

A Muriya ndinawapeza akutembenuza nsomba pathandala. Sindinawapatse moni.

"Mukuphunzitsa ana mwano, aphunzitsi."

"Mwagula?"

"Ndigule kwa mwana wanga?"

"Ndiye mwabwera kudzadandaula za katundu amene simunagule? Gwirani uku, achimwene, tisunthe thandalali, dzuwa lathawira uko."

Ndinagwira, chifukwa manja anga ndi opusa kuposa mutu wanga, ndipo ndinawalalatira titanyamula thandala. Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anandifotokozera maganizo awo. Ankati mwana wakuno salephera bizinesi chifukwa cha masamu. Amalephera chifukwa pakamwa pamauma akafuna kutchula mtengo kwa munthu wamkulu. Ndiye mankhwala ake n'kuyamba ndi munthu amene amamuopa kuposa onse. Mwana amene watchula mtengo pamaso pa malume ake, venda wa ku Limbe sangamugwedeze. Ine ndinati mwambo umene mukuuphwanyawo ndi womwewo umene umadyetsa amasiye kuno. Mwana akaphunzira kuwerengera malume ake, mawa malume adzamuwerengeranso. Mpaka lero ndimati mfundo yanga inali ndi mutu. Iwo anavomera kuti inali ndi mutu, n'kuwonjezera kuti miyendo ndiye inalibe. Matemba aja ndinakagula madzulo ake, koma chifukwa kunyumba kunalibe ndiwo.

Kuyambira pamenepo tinakhala anthu okangana. Ine ndine kalipentala, ndimakhoma mabwato a matabwa pafupi ndi doko, ndipo iwo ankadutsa pashedi panga pafupifupi tsiku lililonse, kudzayambitsa nkhani. Tinakangana za boma, za mpira, za ngati mlamba wowamba umakoma kuposa makumba. Ankakonda kufunsa funso limodzi kwa aliyense wobwera ndi maganizo atsopano: agula ndani? Mwana akati akufuna kuphika zitumbuwa, agula ndani? Akati anthu, iwo ankati anthu alibe dzina, pita ukabwere ndi mayina. Ine nditakhoma mipando yokongola yoti ndizigulitsa padoko, anaizungulira, n'kuigogoda, n'kuiyamikira kwambiri, kenako anandifunsa funso lomwelo. Mipandoyo ili kunyumba kwanga mpaka lero.

Pamsika anali munthu wotopetsa. Ankatha kuima nthawi yaitali pa mayi wogulitsa tomato, kumulangiza kuti basela asamaike asanapemphedwe, chifukwa basela woikidwa msanga wogula samuona. Amayiwo ankati, "Aphunzitsi, mugula kapena muphunzitsa?" Ankagula. Ndipo sankalola kupatsidwa chinthu ndi mwana wasukulu, ngakhale bango limodzi la nzimbe. Nyanja itaphwa chaka china, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi, mabwato atagona pamatope ngati ng'ombe zakufa, ife tonse tinati kalabu ija yatha yokha. Iwo anatenga ana kukadula njedza, udzu wa m'dambo uja, n'kuyamba kuluka mikeka. Mikekayo inali yoipa, ndisaname. Koma malume aliyense kuno ali nawo umodzi.

Chimene ambiri sankachidziwa n'chakuti munthu ameneyu bizinesi yake yomwe inamukanika. Anandiuza yekha, patapita zaka, titakhala pashedi panga mvula itatitsekera. Atangokwatira anatsegula okala kumudzi kwa akazi awo: sopo, mchere, machesi, parafini. Mkamwini m'mudzi wa eni ake. Apongozi akatuma mwana kudzatenga mchere, unganene chiyani? Alamu akalowa n'kutenga sopo, akuseka nawe, uwaitanire mfumu? Sanakane ngakhale kamodzi, ndipo okala ija inatha ngati madzi a m'dambo, osaona tsiku limene inaphwa. Chinawawawa kwambiri si katunduyo. Ankati pa anthu onse amene anatenga, palibe ndi mmodzi yemwe amene anati zikomo, chifukwa palibe amene anaona ngati wapatsidwa. Atanena zimenezi anasintha nkhani n'kuyamba kunyoza denga langa kuti likudontha.

Tsopano ndinene za chaka chimene kalabu ija inatsala pang'ono kutsekedwa, chifukwa ndi pamene ndinawaona bwino a Muriya.

Wapampando wa komiti ya sukulu anali Che Jafali, mwini mabwato angapo, munthu wa mbumba yaikulu. Ana a alongo ake anali ambiri m'kalabumo, ndipo mmodzi anawatchulira mtengo padoko, pamaso pa alovi awo omwe, anyamata owaphera nsomba. Alovi anaseka. Che Jafali si munthu woiwala kusekedwa. Anayenda khomo ndi khomo, ndipo amalume ambiri anali nawo kale mkwiyo wawo. Inenso ndinali m'komitimo, ndipo ndinali mbali yawo. Tinagwirizana kuti pamsonkhano wotsatira kalabu itsekedwe, aphunzitsi abwerere ku masamu awo.

Ahedi anali munthu wamantha, koma kalabuyo ankaifuna. Anauza a Muriya kuti m'tauni ya Zomba mukhala chionetsero cha makalabu a m'masukulu msonkhano wathu usanachitike. Ana akakabwerako ndi ulemu, iwo adzapeza poimira pamaso pa makolo. Popanda zimenezo, sadzatha kutsutsana ndi komiti. Ndiye chilichonse chinatsamira pa chionetserocho. Nthawi imeneyo madzi anali akutsika, matemba akusowa, mabwato akubwerako opepuka. Ana anasonkhanitsa pang'onopang'ono kwa milungu yambiri, kusankha abwino okhaokha, mpaka anadzaza madengu. A Muriya anaonda nazo. Anandilemba ganyu yokhoma tebulo lokaonetserapo, ndipo ndinavomera ngakhale ndinali mdani wa kalabuyo, chifukwa ntchito ndi ntchito.

Kutatsala masiku ochepa, mayi awo a Che Jafali anamwalira. Tinawaika tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chathu, koma anthu anabwera ambiri, ochokera ku Chisi, ku Songani, mpaka ku Machinga, ndipo anakhala kudikira sadaka. Ufa unalipo, mpunga unalipo. Ndiwo kunalibe. Mabwato a Che Jafali omwe ankabwerako opanda kanthu, ndipo mbuzi zimene anapha zinathera tsiku loyamba. Mwini mabwato kudyetsa alendo a maliro a mayi ake masamba okhaokha, kuno ndi manyazi amene amakutsata mpaka kumanda. Aliyense ankadziwa, palibe ankanena.

Ndinali kuseri kwa sukulu ndikupala tebulo lija pamene ana anabwera gulu. Asiyatu anali fomu 4 tsopano, ndipo ndiye anali mtsogoleri wa kalabu.

"Sala, takambirana. Tikufuna matembawa apite kusiwa."

"Angati?"

"Onse."

"Ndiye ku Zomba mukaonetsa chiyani? Mano?"

Ana ena anaseka, koma Asiyatu sanaseke. A Muriya anavula magalasi.

"Mukudziwa kuti munthu ameneyo akufuna kutseka kalabu yanu?"

"Akufuna ndi iwowo, Sala. Amwalira ndi amayi awo. Tikamachokera kudoko ndi mabeseni tinkapumira pakhomo pawo, ankatipatsa madzi."

"Madzi. Chabwino. Pititsani theka."

"Theka silikwana anthu aja. Zikhala ngati tapita kukawaonetsa kuti tili nazo."

Anakangana nawo ana aja monga ankakanganirana ndi ine, osawachitira chifundo. Anawakumbutsa milungu yonse imene anayenda padzuwa. Anawauza kuti kalabu ikatsekedwa, a fomu 1 amene akubwera sadzapeza kanthu, ndipo mlandu udzakhala wawo. Anati chisoni n'chabwino koma sichiyanika nsomba. Ana sanasunthe. Ine ndinali nditasiya kupala.

Kenako a Muriya anafunsa, mawu atatsika: "Katunduyu ndi wa ndani?"

"Wathu."

"Alipo wakutumani?"

"Ayi, Sala."

"Che Jafali apempha?"

"Sakudziwa n'komwe."

Anakhala nthawi akupukuta magalasi ndi tayi. "Ndiye mukundifunsiranji ine? Koma mwapusa, ndikuuzeni." Atatero anapita kukatenga njinga yawo, n'kumangirira dengu lalikulu kumbuyo ndi manja awo, akung'ung'udza njira yonse kuti ana a masiku ano samva.

Ndinawatsatira. Titafika kusiwa, amayi amene anali kophikira anaimirira, n'kungoyang'ana madengu akutsitsidwa. Wina anakaitana Che Jafali. Anatuluka, maso ofiira, n'kuyang'ana nsomba, n'kuyang'ana aphunzitsi. Kenako anapisa dzanja m'thumba la mkanjo.

"Lamulo lanu lija ndikulidziwa, aphunzitsi. Nenani mtengo."

"Bwezani dzanja, Che Jafali. Si zanga izi. Ine ndinawakaniza, eni ake sanandimvere."

Che Jafali anatembenukira kwa ana. Pakati pawo panali ana a alongo ake, kuphatikizapo uja anawachititsa manyazi padoko, atanyamula lichero pamutu, akuyang'ana pansi. Anawayang'ana nthawi yaitali. Sanathokoze, ndipo sanalire. Anangouza amayi kuti alowetse, n'kubwerera m'nyumba. Alendo anadya matemba opanda mchenga, ndipo a ku Machinga anafunsa kumene anagulidwa.

Ku Zomba sanapite. Tebulo langa linathera mu ofesi ya ahedi. Tsiku la msonkhano a Muriya anabwera atavala jekete, n'kukhala kumbuyo, atakonzeka kumva chigamulo, chifukwa choimira nacho analibe. Nkhani ya kalabu inali yomaliza. Che Jafali anayamba ndi chimbudzi cha anyamata chimene chinkagumuka. Anachikamba mofatsa, mbali zonse. Atamaliza analowa nkhani ya mbuzi zolowa m'munda wa sukulu, n'kupempha aliyense kuti anenepo maganizo ake, ngakhale amene alibe mbuzi. Dzuwa linapendeka. Ine mtima unandipsa, chifukwa sindikonda zinthu zolendewera.

"Apampando, nanga za kalabu?"

"Nthawi yatha, achimwene. Ena tikufuna tikaswali."

Nkhaniyo sinabwerenso pamsonkhano uliwonse. Musaganize kuti Che Jafali anasintha maganizo. Mpaka lero mukawafunsa adzakuuzani kuti kugulitsa malume ndi mwano. Koma amagula, akudandaula, monga timachitira tonse.

A Muriya nawo sanasinthe. Zaka zonse zotsatira ankati ku Zomba kuja akanapambana, kuti panalibe sukulu ya m'tauni imene ikanafika pa nsomba zija, ndi kuti Asiyatu ndi mwana wosamva ngati malume ake. Koma ankazinena nkhope ikuwala. Kamodzi kokha ndi pamene anandiuza zapansi pamtima, ndipo anazinena mwachidule, ngati akuopa kuti ndiwaseka. Ankati munthu amene chake chimangotengedwa safika podziwa kupatsa, chifukwa pofika tsiku lopatsa amakhala alibe kanthu, ndipo ngakhale akhale nako, sadziwa ngati wapereka yekha kapena walandidwa. Ndinawauza kuti akanayamba ndi mawu amenewo tsiku lija la thandala, sitikanakangana. Anati tsiku limenelo iwonso anali asanawadziwe. Anawaphunzira kusiwa kuja.

Atapuma pantchito sanapume. Ankabwera kusukulu masana alionse, popanda malipiro, kudzavutitsa ana ndi aphunzitsi omwe. Matenda a shuga anawafooketsa pang'onopang'ono, njinga anaisiya, n'kuyamba kubwera pa kabaza, akukangana ndi wopalasa za njira yachidule. Anamwalira nthawi ya dzinja, atagona masiku ochepa. Asiyatu, amene tsopano amatumiza nsomba ku Limbe ndipo ali ndi ana ake, anabwera usiku womwewo. Pamaliro panali anthu ambiri amene anadutsa m'manja mwawo: ogulitsa mpunga, osoka, okonza mafoni, ndi ena amene bizinesi inawakana n'kubwerera kumunda. Amenewonso anabwera. Amalume tinalipo ambiri, ndipo bokosi ndinakhoma ine. Mayi a kunyumba kwawo anafunsa mtengo, ndipo ndinawauza kuti asandiyambe.

Titachoka kuchiliza Loweruka lija sindinapite kunyumba. Ndinadutsira kusukulu, chifukwa mtima unkandivuta kuti mwina kalabu ija inapita nawo. Ndinapeza mathandala ali pomwepo, ena atsopano, nsomba zili mbuu padzuwa. Ana anabwera okha ngakhale linali Loweruka. Akuyang'anira tsopano ndi mphunzitsi wamkazi wachitsikana, amene anali ataima patali pang'ono akulankhula pafoni.

Pansi pa mtengo wa mthethe pali bwato lakale losweka, lovundikira, limene linakokeredwa pamenepo kalekale. Ndi pamene a Muriya ankakhala miyendo itayamba kuwakana. Pamsana pa bwatolo pali malo amodzi osalala, akuda, pamene thabwa linaperesedwa ndi buluku. Udzu wamera kuzungulira, kupatula kutsogolo kwake, pamene zidendene zinakumba timaenje tiwiri. Palibe amene amakhalapo. Ana amaika mabeseni pansi, pambali pake, ngakhale pamwamba pali malo.

Atsikana awiri anali akukangana za kukula kwa mulu. Wina ankati wachepa, anthu sagula. Wina ankati ukakula phindu lithawa. Mawu anakwera, ndipo pakati pa mkangano onse awiri anatembenukira kubwato kuja nthawi imodzi. Panali nkhuku yokha, ikudzikanda. Kenako wamng'onoyo anawerama, n'kuchotsa matemba angapo pamulu, n'kubwezerapo limodzi.

"Ukhale chonchi," anatero.

Mnzakeyo anauyang'ana muluwo, n'kuyamba kupanga wina wofanana nawo.